Ndawonda Dala, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Njombwa tilipo. Ndikudziwa kuti kuwerenga simunkakudziwa, koma ndinu nomwe munkandithamangitsira kusukulu ya mishoni ndi kamkwapulo, ndiye pezani wina kumeneko akuwerengereni. Musasankhe wamiseche, chifukwa muno muli nkhani za m'nyumba.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esnati anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga mphumi yanu ndi ukali wanu womwe, moti akachedwa kumuyamwitsa mudzi wonse umadziwa. Chimanga chaka chatha chinachita bwino mpaka nkhokwe yanu ija tinaiwonjezera, koma mtedza wina unamerera m'munda chifukwa mvula inachedwa kukata. Mbuzi yanu yamawanga ija fisi anaipeza. A malimidwe akutisautsabe ndi migula yawo yotchinga madzi m'minda, ndipo amuna akakhala pakhonde la sitolo ya a Sayidi nkhani ndi ya Chitaganya cha mayiko atatu chija basi, ngati Chitaganyacho chiwapalirira fodya.

Tsopano nkhani yanga. Ndawonda, Amayi. Ndati ndikuuzeni ndekha, chifukwa aliyense womwalira kuno amafika kumeneko ndi nkhani, ndipo sindikufuna kuti muimve yokhotakhota. Ndawonda dala. Ndiye chifukwa cha kuwondako alongo anu, amalume a Simiyoni, akufuna kuthamangitsa amuna anga, bambo a Ketrina, pamudzi pano.

Paja inu munandisiya ndili bwinobwino. Titakuikani, masiku oyamba ndinalimba, ndinaphikira anthu, ndinatsuka mbale zobwereka n'kuzibweza. Titameta, anthu n'kubalalika, m'pamene mtima unagwa. Ndinkagona choyang'ana kukhoma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Panalibe pamene pankandiwawa poti ndingaloze ndi chala. Ketrina akalira ndinkamumva ngati mwana wa kutsidya kwa dambo. Chakudya m'kamwa chinali mchenga. Sindikubisirani, ndinkalakalaka kukutsatirani. Ena ankati ndi mizimu, ena ankati misala yayamba, ndipo akazi ena pachitsime ankati ndi ulesi wongopezera maliro chifukwa.

Bambo a Ketrina ndiwo anasenza zonsezo. Mukukumbukira kuti munkawaseka kuti mkamwini wanu wa ku Kaluluma amalankhula ngati mawu amagula kusitolo. Munthu wosalankhula yemweyo ankatunga madzi akazi akumuseka, ankaphika, ankandisambitsa. Zitsamba zitakanika, anandikweza panjinga, anandimangirira ndi chitenje kumsana kwawo kuti ndisagwe, mpaka kuchipatala cha mishoni. Kumeneko adokotala anandifunsa mafunso ambiri, n'kundipatsa timibulu toyera toti ndizimwa tsiku lililonse.

Inu munkakonda kunena kuti walira mvula walira matope. Mvula inabweradi. Pang'onopang'ono mdima uja unayamba kupepuka, ndinayamba kumva Ketrina akandiitana, ndipo tsiku lina ndinangodzipeza ndikusesa pabwalo popanda wondituma. Koma matope ake, Amayi, anali ofika m'mawondo. Tulo tosatha. Kukamwa gwa, ngati ndatafuna nthochi yosapsa. Ndikadzuka mofulumira, chizungulire. Manja ankanjenjemera moti posoka fodya singano inkandilasa ine m'malo mwa tsamba. Choposa zonse inali njala. Ndinkadya mbatata, mtedza, zigumu, n'kutsirizira thobwa, koma m'mimba muli mbee. Ndinanenepa mpaka mikanda ya m'chiuno ija munandipatsa pokwatiwa inaduka ndikuwerama, nkhuku n'kumaithamangira pabwalo.

Mudzi wonse unakondwa. Akazi omwe aja ankanditcha waulesi ankandigwira mikono n'kumati, "Nelesi wachira, taonani thupi." Amalume anachita kuima pakhomo la tchalitchi kuyamikira mkamwini pamaso pa anthu, ati amadziwa kusunga mkazi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa mmene ndinkamvera mkati mwa thupilo.

Ine ndinkadana nalo. Kuchokera kudambo ndi ndowa pamutu ndinkapuma katatu ngati nkhalamba, mtima uli thithithi. Mawondo ankawawa. Nthawi yowokera fodya sindinkatha kuwerama, ndinkangokhala pansi pa chigafa n'kumawodzera, anzanga akugwira ntchito m'munda mwanu. Ndipo ndinazindikira kuti ndikangokhala chonchi, maganizo aja amabwerera mwakachetechete n'kudzakhala pambali panga. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa kukhoma kuja sindikufuna kubwererako. Thupi limene anthu ankaliwombera m'manjalo silinali langa, linali la timibulu.

Nditapitanso kuchipatala ndinawauza adokotala kuti mankhwala awo ndikawataya kuchimbudzi. Anandiletsa. Anati ndikasiya mwadzidzidzi matenda abwerera ndi mphamvu. Anandichepetsera timibuluto, anati ndizimwa madzulo kuti tulo take tizigwira ntchito yake usiku, ndiziyenda, ndizigwira ntchito, ndichepetse zotsekemera ndi mtedza, ndichulutse ndiwo zamasamba. Ndinaseka koyamba chimwalirireni inu. Chibadwire sindinamvepo sing'anga akuuza wodwala kuti achepetse kudya.

Nazale itayamba ndinalanda ntchito yothirira. M'mawa uliwonse tulo ta mankhwala tinkandikanikiza pamphasa, koma ndinkamva mawu anu aja akuti pakadafunda padajiwitsa galu, ndiye ndinkadzuka ndikukutukwanani chamumtima. Mundikhululukire. Ndinkapita kudambo, kutunga, kuthirira, kutunganso, mpaka thukuta kulowa m'maso. Pakudya ndinkatenga mtanda umodzi n'kusamba m'manja msanga ndisanasinthe maganizo. Musaganize kuti zinkayenda tsiku lililonse. Njala ya timibulu ndi yabodza, koma imaluma ngati yeniyeni. Tsiku lina bambo a Ketrina anandipeza kuseri kwa nkhokwe nditatha mtedza wokazinga lichero lonse, ndikulira. Anangotenga licherolo n'kukalipachika. Kutacha ndinapitanso kudambo.

Mvula itagwa chaka chino ndinawokera fodya ndi manja angawa, mizere yonse ya kumtunda kwa chulu, osakhala pansi. Manja akunjenjemerabe pang'ono ndipo kukamwa kumaumabe, moti ndimayenda ndi chikho cha madzi paliponse, koma mpweya wanga wabwerera. Masiku amdima amabwerabe, sindinama, kungoti tsopano amandipeza ndili ndi khasu m'manja.

Apa m'pamene mudzi unadzidzimuka. Manong'onong'o anayambira pamtondo. Wina anakumbukira kuti nthawi yogulitsa fodya bambo a Ketrina anagonera kumsika ku Lisasadzi podikira mzere, monga anachitira amuna onse a pamudzi pano. Basi nkhani yapsa: ndi tsempho. Mukudziwa mmene amanenera, kuti mwamuna akayenda njira zamseri n'kubwerera m'nyumba, mkazi amadulika, amayamba kuwonda mpaka kufa. Ndiye munthu amene chaka chatha anali mkamwini wodziwa kusunga mkazi, chaka chino ndi wondipha.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, amalume anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anakhala pansi pa chigafa chathu, amuna pamipando, ife akazi chapatali pamphasa. Amalume sanazungulire.

"Mwana wa mlongo wanga akutha ife tikuona," anatero. "Mkamwini, nenani kumene munaponda kuti timufunire mankhwala nthawi ikadalipo. Mukakana, njira ya ku Kaluluma mukuidziwa."

Bambo a Ketrina anayang'ana zala zawo. Kenako anati, "Yayi, ine palibe kumene ndinaponda. Koma ngati kuvomera kungathetse nkhaniyi kuti ndikhale pafupi ndi odwalawa, ine ndingathe..."

Sindinawalole kumaliza. Amayi, munandilangiza kuti mkazi polankhula ndi akuluakulu amagwada, ndipo moyo wanga wonse ndagwada. Tsiku limenelo ndinaimirira. Ndinakwiya moti makutu ankalira, poona munthu wosalakwa akufuna kudzipaka matope kuti asandisiye ndekha.

Ndinati, "Amalume, palibe wandidula. Ndawonda dala."

Anthu anaseka, ngakhale ankhoswe a kuchimuna omwe. Amalume anapukusa mutu. "Munthu sawonda dala, mwana iwe. Unaionapo ng'ombe yothawa msipu? Ukumubisa mwamunayu chifukwa wakudyetsa."

Ndinati, "Pamene ndinkagona choyang'ana kukhoma, inu munabwera kangati? Amene ankandisambitsa ndi awa. Amene anandibereka panjinga ndi awa. Inu munakondwa nditanenepa chifukwa thupilo linakupumitsani kundifunsa kuti ndili bwanji. Lero ndikukuuzani osandifunsa: ndili bwino kuposa muja munkandiwombera m'manja. Amene akukayika mawa alawire, tikapikisane kupalira."

Esnati ankandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Amalume anatola chipewa chawo n'kuimirira, nkhope itagwa.

"Chabwino," anatero. "Nenepa tione, mkamwini timusiya. Ukafika pokolola uli chonchi, achoke. Mlandu suwola."

Ndinati, "Akachoka, ine ndi Ketrina tipita nawo."

"Mbumba sichoka pamudzi."

"Iyi ichoka."

Anapita osadya, ngakhale nkhuku inali itaphedwa kale.

Chiyambire tsikulo Esnati akumabwera ndi timbale tovundikira, mwana ali kumsana. Dzulo anabweretsa futali, n'kundigwadira. "Achemwali, ingodyani nkhaniyi ithe. Kunenepa n'kovuta ngati? Mukapita ku Kaluluma ine nditsala ndi yani?" Ndinalira naye, koma futaliyo anadya Ketrina. Akunena zoona kuti n'kosavuta. Ndikangosiya kulimbana ndi njalayi, pofika pokolola ndikhala nditadzaza chitseko, amalume akondwa, banja lapulumuka. Koma ndikudziwa kumene njira imeneyo imathera. Imathera pansi pa chigafa ndikuwodzera, kenako pamphasa choyang'ana kukhoma. Bambo a Ketrina ndinawafunsa maganizo awo. Anati, "Mukafuna kudya idyani, koma musadyere ine."

Amalume sindikudana nawo. Iwo anaona chaka cha njala chija, anakumba manda a anthu otsala mafupa okhaokha, ndiye kwa iwo munthu akawonda ndiye kuti akutsazika. Akuchita zimenezi poopa kuika mwana wa mlongo wawo. Mwinanso inu mukanakhalapo mukanandiunjikira mitanda n'kundiimirira mpaka nditamaliza, ndikukudziwani. Koma mukanayamba mwandiyang'ana m'maso, ndipo mukanaona kuti mwana wanu wabwerera. Chimene chikundipweteka n'chakuti pamudzi ponse pano palibe akundiyang'ana m'maso, onse akuyang'ana mikono.

Ndikuchita mantha, Amayi. Ku Kaluluma sindikudziwako munthu, chilankhulo chawo ndimangotolako patalipatali, ndipo ndikakhala mtengwa wolima munda wa eni. Kuno kuli munda wanu, mng'ono wanga, kamwana kotchedwa dzina lanu, ndi inuyo. Chimanga chayamba kale ngaiyaye, masiku akutha. Mwina amalume afewa akaona kuti mwezi ukupita ine ndikulimabe osatsokomola. Mwina safewa, paja mutu wawo ndi wanu womwe uja, ndi wanganso.

Ndiye ndikulonjezeni ndili maso. Mankhwala sindisiya mpaka adokotala atanena okha. Kudambo sindisiya. Sindinenepa kuti anthu agone tulo, ndipo mwamuna amene anandisenza uja sadzayenda yekha njira ya kwawo atasenza mlandu wabodza. Ikadzafika nthawi yolambula kumanda, mukadzamva khasu la Esnati lokha, musadzati Nelesi wandiiwala. Mudzadziwe kuti mwana wanu ali moyo, ndipo wachita kuyenda ndi miyendo yake.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Nelesi