Mfuti ija yabwerako yolimba

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Raffingora tilipo, ndipo mwendo wa amayi uja wayamba kupola.

Nkhani ndi mfuti ya papulazi imene munandisiyira yopirikitsira anyani m'chimanga. Paja chitsulo chake chokankhira chipolopolo chinaperepeseka mpaka chinkagwedera. Sabata yatha a foromani anaitenga masiku awiri, akuti akaonetse abwana. Chibwerereni, chitsulocho sichiyenda pokhapokha ndichimenye ndi chikhatho.

Nditawafunsa anati, "Unathira mafuta ophikira iwe, ndiwo agwira." Ine mafuta ophikira? Ndinatsuka ndi palafini monga munandiphunzitsira, koma sizinasinthe. Komanso paja panasalala ndi chala chanu, lero pakuda bii ngati pa chatsopano. Chitsulo chikakalamba sichibwerera kuutsikana, achimwene. Ndikuganiza kuti anachisintha, mwinanso anasintha mfuti yonse.

Ndiuzeni msanga, kachizindikiro kamene munadula ndi tupa pamfutiyi kali mbali iti? Apolisi akadzabwera kudzayendera mfuti, wofunsidwa ndine. Mpaka muyankhe, sindiwomberanso, ingandiphulikire kumaso. Anyani adye chimangacho, ine nkhope yanga ndikuifunabe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Fulaisoni