Banga la pa Khadi la Kadzidzi

Al Duhail, Doha
9 Marichi 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chakusiyani. Kuno ndili bwino, koma sabata yatha ntchito inatsala pang'ono kundithera.

Mukudziwa kuti ndimalemba kaundula wa zinthu zakale za bwana wanga, a Hashimu. Amakonda timakhadi timene makampani ankaika m'mapaketi a ndudu kalekale. Tawo n'ta asilikali a ku Girisi: chipewa chachitsulo chokhala ndi ubweya wa kavalo pamwamba, mkondo ndi chishango. Kamodzi kokha kankasowa, ka msilikali wa kadzidzi pachishango. Musadzidzimuke, kwa Agiriki kadzidzi sankalosera maliro, ankaimira nzeru.

Lachiwiri mkamwini wa bwana anabwera nako kudzawagulitsa, bwana n'kuti, "Yalla, fulumira Tawina, lemba kuti n'kenikeni."

Nditakagwira ndinakayika. Timakhadi takale timakhala ndi mawanga a fodya, koma banga lake linali ndi mzere wakuda m'mphepete, pepala litakwinyika. Fodya sachita zimenezo. Amalowerera pang'onopang'ono ngati mafuta. Uyu anali tiyi.

Kontirakiti yanga imatha mwezi uno, ndipo kuno munthu sutsutsa wachibale wa bwana. Komabe ndinati, "Pepani bwana, sindilemba. Khadili alikalambitsa ndi tiyi."

Mkamwini anaseka. "Mayiyu anabadwira ku Girisi kapena?"

"Ayi, achimwene. M'chigafa cha fodya, ku Dowa."

Ndinaviika kapepala m'kapu ya tiyi ya bwana, n'kukayanika pakhonde. Dzuwa la kuno silichedwa. Titayerekeza, mawanga anali amodzimodzi. Mkamwini anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi miting'i.

Bwana anafunsa amene anandiphunzitsa. Apa ndi pamene pali nkhani yanga, Bambo. Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinu mphunzitsi wamkulu wopuma. Ndinkachita manyazi ndi fungo limene linandilipirira sukulu. Tsiku limenelo ndinanena zoona: kuti ndinkakhala pambali panu mukusankha masamba, inu n'kumandimenya kadzanja ndikasakaniza magiredi.

Dzulo andisainira zaka zina ziwiri. Akuti khadi lililonse lizidutsa m'manja mwanga asanagule.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa Lemani. Kalatayi asakuwerengereni wina, muvale magalasi aja muwerenge nokha, ndipo mukandikhululukira mundiimbire.

Ndine mwana wanu,
mwana wa mlimi wa fodya,
Tawina