Odi Pakhomo la Nyumba ya Mabuku

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kwa tonse kuno ku Nsaru. Tili bwino, kupatula amayi amene mwendo ukuwavutabe. Kaya inu ku Halaleko?

Ntchito yanga yosamala nyumba ya mabuku kusukulu ya aphunzitsi ikadalipo. Mwezi watha wansembe wathu woyang'anira sukuluyi anadandaula kuti ophunzira sabwera, mabuku akungodyedwa ndi chiswe. Ine chifukwa chake ndinali nditachiona kale. Wophunzira amafika pakhomo n'kunena kuti "Odi," n'kudikira. Koma lamulo la m'katimo ndi lakuti munthu asayankhule, ndiye palibe womuyankha. Nanga munthu woleredwa bwino angalowe m'nyumba asanalandiridwe? Amaima pang'ono, kenako n'kubwerera.

Nditawafotokozera wansembewo, anandifunsa kuti, "Tsono tichite chiyani?"

Ndinati, "Bambo, mundilole ndisamutsire tebulo langa pakhomo."

Tsopano aliyense wofika ndimamuuza chapansipansi kuti, "Lowani, pano ndi panu." Mabenchi akudzaza mpaka ena akuwerengera pansi.

Buku la mapu munkalikonda lija lilipobe. Dzana ndinalitsegula n'kuyeza: kuchokera kuno kufika ku Halale sipakwana ndi chala chimodzi chomwe. Koma dzinja lino ndi lachinayi tikulima popanda inu.

Chonde tumizani chithunzi chanu, amayi akuti nkhope yanu yayamba kuwasowa. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndikamva odi ndimadzutsa mutu msanga, kuyesa ndinu. Tsiku limene adzakhaledi inu, ndidzayankha mokuwa, lamulolo lidzandikhululukira.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane