Simkhadi ya Wiza

gulu: za Wiza
muli Bridget, Salehe, A Msiska

LACHIWIRI

Bridget 10:02
adada musatulukenso mu group plz. Salehe ndi uja amagona room imodzi ndi Wiza ku yunivesite. pa maliro analipo, bokosi ananyamula nawo

A Msiska 10:09
ananyamula ambiri. nkhope sindimayang'ana

Salehe 10:11
mwadzuka bwanji bambo. pepani ndilemba chichewa, ndine wa ku Mangochi, chitumbuka changa chimathera pa yewo

A Msiska 10:16
nena chomwe ukufuna

Salehe 10:20
🎤 Zikomo bambo. Ine ndi Wiza tinalowa mu ligi ina ya pa intaneti, ya masewera otchedwa baseball, aja wina amaponya kampira wina n'kumenya ndi ndodo. Palibe amene amathamanga pa bwalo ayi. Aliyense amapanga wosewera wake, n'kumupatsa dzina, magemu imasewera ndi kompyuta. Kuti wosewera wako akule, sabata iliyonse umalemba nkhani ya moyo wake. Wiza analemba zaka zitatu osadumphitsa. Sabata yatha anthu a mu ligi, a mayiko osiyanasiyana, anavota kuti wosewera wa Wiza alowe m'gulu la akatswiri osaiwalika. Amati Hall of Fame. Kumeneko palibe ulemu woposa umenewu.

A Msiska 10:31
mwana wanga ali ku manda. chidole chake ndiye chikulandira ulemu

Salehe 10:34
ndamva bambo. vuto ndi ili. website yakale akuitseka lachisanu 12 koloko masana. account ya Wiza anaikiya poti yatha chaka osalowamo, ndiye zonse analemba sizikuoneka. tikapanda kuitsegula zifufutika. password ndikuidziwa, koma ndikalowa amatumiza manambala 6 pa number yake

Bridget 10:36
mu account imeneyo mulinso voice yake adada. anajambula akulankhula tsiku lomwe player wake anawina mphoto. foni yake inaphwanyika pa ngozi, yanga yakale anandibera mu depoti. tilibe mawu a Wiza pena paliponse

Bridget 10:37
sim yake ili mu foni yanu. message ikabwera mungowerenga manambalawo basi

A Msiska 10:44
eya. tafika pa manambala

A Msiska 10:52
🎤 Iwe mnyamata, ine sukulu ndinalekeza folo, koma sindine mbuzi. Pano pa Zolozolo a Kumwenda anaimbiridwa foni, akuti mwawina feteleza, tiuzeni manambala abwerawo. Lero akugulitsa makala a m'timajumbo. Pa malo anga a ku Luwinga panabwera anyamata a mataye, nawonso amati bambo, bambo, ngati iwe. Ndinasayina. Kaone lero, pali mahositelo a ana a ku yunivesite, ndikadutsa mlonda amandifunsa kuti mukufuna ndani. Pa munda wanga wa chinangwa. Wophunzira akayamba ndi ulemu, gwira thumba. Layini imeneyi ndi chokhacho chatsala cha mwana wanga, ndimaikamo mayunitsi kuti isafe, ndiye wina andilande?

Bridget 10:55
palibe akukulandani adada

Salehe 14:10
bambo ndayesa kulowa kuti muone nokha kuti message yake si ya ndalama. yabwera pano. manambalawo amagwira ntchito mphindi 10 zokha

📞 Bridget waimba 14:13, sanayankhe
📞 Bridget waimba 14:17, sanayankhe

A Msiska 16:02
🎤 Ndinapita nayo kwa Peggy wa pa kabenchi kotumizira ndalama, wandiwerengera chizungu chake. Uthenga womwewo ukuti manambala awa usauze munthu aliyense. Eni ake akukaniza, iwe ukuti ndikuuze. Ndimvere ndani?

Salehe 16:05
amalemba choncho kuopa akuba bambo. ndi mawu oti asapatsidwe aliyense

A Msiska 16:08
nanga iwe si aliyense

A Msiska 16:15
layini ija ndaichotsa mu foni. ndaibisa

LACHITATU

Bridget 07:40
mwawuka uli adada. ndapempha off andikaniza, pa ward tatsala manesi awiri. kuchoka Blantyre sindingakwanitse. Salehe abwere kunyumba mumuone?

A Msiska 07:58
pakhomo panga asafike

Bridget 08:01
ndiye mukufuna titani

A Msiska 08:20
🎤 Wiza ameneyu ndinkamuuza. Akabwera holide maso pa foni, chala tyapa tyapa, ukamuitana akuti ndikubwera adada. Ndinkati ndi njuga. Mpaka lero ndikuti ndi njuga, yangovala jekete. Mpira wanji wopanda thukuta? Ine ndinalondera matabwa a anthu zaka zonse zija kuti iye akhale mphunzitsi wa sekondale, iye akulera chidole cha azungu.

Bridget 08:24
munamukalipira mpaka anasiya kubwera weekend. Zolozolo ndi campus ndi patali ngati?

Bridget 08:50
adada

Salehe 15:30
sis Bridget ndinapita. ndagogoda kangapo palibe wayankha

A Msiska 15:41
ndinamva

Salehe 15:43
munalimo bambo?

A Msiska 15:47
wakuba nayenso amagogoda

LACHINAYI

Salehe 09:12
ndapeza nkhani imodzi. Wiza ananditumizira pa whatsapp kalekale kuti ndimuonere chizungu, ndi yokhayi yomwe ndili nayo. dzina la player wake sindinanene poyamba kuopa kuti muona ngati ndikukunyengererani. ndaimasulira, ndiwerenga

Salehe 09:19
🎤 Amon Msiska amaponya ndi dzanja lamanzere. Ali mwana aphunzitsi ankamumenya kuti alembe ndi lamanja, ndiye kulemba anakuda, koma kuponya sanasiye. Atakula anakhala mlonda pa yadi ya matabwa. Galu akalowa sankamugenda pathupi. Mwala unkagwa kutsogolo kwa mphuno, galu n'kubwerera yekha. Kuseri kwa yadiyo kunali mtengo wa mapeyala. Mwana wake akamubweretsera tiyi m'mawa, Amon ankati loza lomwe ukufuna. Sankagenda peyala, ankagenda kanthambi kogwira peyalalo, n'kuuza mwana kuti wakha. N'chifukwa chake mu ligi muno saponya mwamphamvu. Amangoponya pomwe mwaloza.

Bridget 09:26
anamupatsa dzina lanu adada

Bridget 11:15
mwamvera?

A Msiska 13:37
Bridget ndiwe wamuuza zimenezi

Bridget 13:39
ine za mapeyala ndazimva lero lomwe. ndinali ku boarding nthawi imeneyo

A Msiska 13:58
sanali tiyi. linali phala

A Msiska 14:00
ndipo kuwakha samatha. ambiri amaphulika pansi

Salehe 14:03
zilipo zambiri ngati imeneyi bambo. sabata iliyonse imodzi

A Msiska 14:40
bambo ako alipo

Salehe 14:41
alipo. a Madi. ali ndi shop ya nsalu ndi mabulangete kuseri kwa msika waukulu, ine ndimakhala pomwepo

A Msiska 14:55
mawa ndibwera ndione ngati uli ndi khomo. munthu wopanda khomo sindimupatsa kanthu

Salehe 14:56
yewo chomene bambo. mubwere m'mawa ndithu, 12 akutseka

Bridget 14:58
mutenge ndi sim yomwe adada

Bridget 17:20
adada mwamva za sim?

LACHISANU

Salehe 08:15
ndatsegula shop, laptop ili ready

Bridget 09:30
afika?

Salehe 09:31
ayi. kuno mvula yayamba

A Msiska 09:48
ndili mnjira. wapansi

Bridget 09:49
kwerani kabaza adada, Salehe alipira mukafika

A Msiska 09:57
sindikwera za munthu amene sindinamuone

Salehe 10:50
afika sis. anyowa. koma sanalowe, akufunsa kaye a shop yoyandikana ngati amatidziwa

Bridget 10:51
mulungu wanga

Salehe 11:04
alowa. akumwa tiyi ndi bambo anga. ndikati nthawi akuti mwana salowerera akulu akamacheza

Salehe 11:19
ndawaonetsa chithunzi cha ine ndi Wiza ku hostel. achiyang'ana nthawi yaitali. avomera

Bridget 11:19
lowani msanga plz

Salehe 11:23
sis

Salehe 11:23
sim aisiya kunyumba

Bridget 11:24
chani

Salehe 11:25
akuti amaopa kuti tikaiona tiwalanda. ili mu wailesi, momwe mumakhala mabatire

Salehe 11:28
ndawakweza njinga yamoto akaitenge. ine sindingachoke, battery ya laptop inafa, ndiyenera kukhala pa socket

Bridget 11:40
adada muli pati

Bridget 11:44
adada

A Msiska 11:47
matope. ndatsikira pa mlatho. ndikuthamanga

A Msiska 11:52
ndaipeza. sikulowa

Bridget 11:52
kagolide kayang'ane pansi. pitani kwa Peggy akuikireni

A Msiska 11:53
Peggy anati ndisauze munthu. andiseka

Bridget 11:53
adada chonde

A Msiska 11:57
yalowa

Salehe 11:57
ndatumiza. yabwera? ingowerengani pa voice, musalembe

Salehe 11:59
bambo

Bridget 12:00
adada werengani

A Msiska 12:03
4 8 1 9 0 6

Salehe 12:04
ndalemba

Salehe 12:06
page sikutseguka

Bridget 12:06
mwina ndi network

Salehe 12:13
si network sis. pangolembedwa kuti ligi yasamuka, zikomo chifukwa cha zaka zonsezi

A Msiska 12:15
ndatumiza manambala aja

A Msiska 12:22
mwaaona

Salehe 12:30
ndawaona bambo. ndalembera akuluakulu a ligi, tidikire

LOWERUKA

Salehe 10:05
ayankha. akuti apepesa, ma account okiyidwa sanasamutsidwe ndipo alibe copy. dzina lokha alisunga

Salehe 10:07
📷 chithunzi

Salehe 10:08
ndi tsamba la akatswiri limenelo. mzere wachitatu. Amon Msiska, woponya, dzanja lamanzere. anzake onse pansi pa dzina pali nkhani zawo. pake pangoyera

Bridget 10:30
zikomo Salehe. munayesetsa

A Msiska 11:12
🎤 Ndinadziwa. Za ophunzira zimathera pomwepa. Amakuuza kuti chinthu chili pabwino, chasungidwa, sichingapse, sichinganyowe. Kenako munthu woti sunamuonepo, ali kudziko kwake akumwa tiyi, wangodina. Malo anga ndimatha kupita n'kukaima kunja kwa mpanda, n'kuloza kuti apa panali chinangwa. Izi ndikaime pati?

A Msiska 12:40
iwe Salehe

Salehe 12:44
ndikumva bambo

A Msiska 12:49
voice ija unaimva

Salehe 12:52
kamodzi, tsiku lomwe anajambula. ndinali mu room momwemo

A Msiska 12:55
amati chani

Salehe 13:02
amaseka kwambiri. anathokoza a team yake mu chizungu. kumapeto ananena mawu ena mu chitumbuka, anati awa azungu asamve

A Msiska 13:03
mawu ati

Salehe 13:10
sindinamve bambo. ndinangogwirapo loti adada

A Msiska 13:11
adada chani

A Msiska 13:18
ganiza bwino. adada chani

Salehe 13:31
pepani bambo. sindikudziwa

📞 Bridget waimba 14:02, sanayankhe
📞 Bridget waimba 17:45, sanayankhe

LAMULUNGU

A Msiska 06:51
layini ndaisiya mu foni. sindichotsanso

A Msiska 06:58
481906

A Msiska 07:30
yesanso. mwina lero atsegula