Kapulana Yanga Yafunda Tulubo

Lachinayi, mwezi wa Agosto. Tsiku landiwawa, koma osati chifukwa cha mfuti.

Mfutizo zinalira m'mawa chaku Majaua, mabanja oyandikana nafe n'kumanga katundu kuwoloka malire kupita ku Muloza. Amuna anga, bambo a Rosa, sanamve kanthu. Anali chagada pansi pa galimoto yofiira ija anabwera nayo ku Joni, yamipando iwiri, yosanyamula ngakhale thumba la chimanga. M'misewu muli mabomba, petulo amachita kugula wa m'botolo, koma iwo akuti akamaliza kuitchuna palibe adzaipeze. Idzathamangira kuti?

Lero amasula tulubo, kachitsulo konga nkhono kamene akuti kamapopera mphepo mu injini. Kuona mmene amakapukutira ndi nthenga ya nkhuku, kukauzira fumbi, kukayankhula motsitsa mawu ngati khanda! Ine malungo atandigwira mwezi watha anangoti, "Muzimwa madzi ambiri."

Madzulo ndakapeza kachitsuloko pamphasa, atakakulunga m'kapulana yanga yatsopano, chitenje chija ndimasungira Misa ya Khirisimasi. Yonse oyilo yekhayekha.

Ndinawafunsa, "Bambo a Rosa, nkhondo ikafika pakhomo pano, mudzayamba kunyamula ndani, ine kapena chitsulochi?"

Anayamba aganiza kaye, ndipo kuganizako n'kumene kwandilasa mtima. Kenako anati, "Inutu muli ndi miyendo, mayi a Rosa."

Chikhala mkazi mnzanga, bwenzi nditapita kale kwa ankhoswe. Nanga chitsulo ndikachinenera kwa yani? Pano akundiitana kuti ndikawagwirire sipanala, ndipo ine, chitsiru, ndayamba kale kudzuka...