Msuku Wanu Adaudula, Atate

IGNATIUS NJOBVU
Adatisiya ku Kitwe mu 1943

Atate, zaka zisanu zatha chichokereni inu, koma masuku akayamba kulakatika mtima umawawa ngati maliro adali dzulo.

Mudali munthu wokana manambala inu. Nyumba iliyonse m'komboni ya mgodi idali ndi nambala yake, koma mlendo akafunsa njira munkamuuza kuti apite pa Mtondo, akakhote pa Chiwale. Mlendo n'kusokera, inu n'kumaseka mpaka kutsokomola! Munkati dzina la mtengo silinama: pa Chiwale ukakumba upeza madzi, pa Msangu chimanga chimakondwa, pa Masuku mwana sagona ndi njala. Nanga nambala idamwetsapo yani madzi?

Munkalakalaka kukagona kwanu ku Kamlombwa, kumudzi wa milombwa, koma chifuwa cha mgodi chidakutsekerani njira. Tidakuikani patsinde pa msuku waukulu, popanda mwala, poti kwathu nkhwangwa siilowa kumanda. Kalanga ife, kuno si kwathu. Chaka chatha odula nkhuni adapulula msitu wonse kuti psiti. Akazi anu a Anastasia adazungulira zitsa mpaka dzuwa kupendeka, akulira, osadziwa kuti mwagona pati. Tidaona ngati mwatifera kachiwiri.

Adatithandiza ndi amayi ena otola nkhuni, a mtundu wa Alamba eni dera lino, amene malowo amawatchulabe pa Musuku. Adatilondolera mpaka pa chitsa chanu. Mtengo udapita, dzina lidatsala, ndipo ndi dzinalo lidatibwezera inu. Munkanena zoona, ife tinkangoti n'zoseketsa.

Mwana wanu Hector adakwera lole mpaka kumudzi, nabwera ndi nthambi ya mlombwa wa kuseri kwa nyumba ya agogo. Tidaizika kumutu kwanu. Gwen, amene mudamusiya ali kumsana, ndiye amaithirira, ndipo amafunsa ngati mudali wamtali kuposa mtengowo. Amayi ake amangopukuta m'maso.

Waphuka, Atate. Anthu odutsa ayamba kale kuwatchula malowo kuti pa Kamlombwa. Tidalephera kukuperekezani kwanu, ndiye kwanuko takubweretserani.

Tikukusowani kwambiri. Dzina lanu silidzauma pakamwa pathu.

Ife akazi anu Anastasia, ana anu Hector ndi Gwen, ndi banja lonse la a Njobvu.