Ndinataya Mankhwala a Tadala

Amayi, akufuna kundilanda Tadala. Lachinayi a boma oona za ana andiitana kuchipatala kuti ndikafotokoze chifukwa chimene ndinamusiyitsira mankhwala.

Pepani, ndayamba opanda moni. Kodi kumeneko muli bwanji? Tadala ndi mdzukulu wanu, anabadwira kuno kwa azungu, ku Barking, inu mutatisiya kale. Ali ndi zaka zitatu, mphumi ngati yanu, koma ali ndi mphumu.

Nditafika kuno, ang'ono anu, amayi Esinati, anesi aja a ku Croydon, ananditengera kutchalitchi kwawo. Nyimbo zake zomwe zija munkaimba mutavala bulauzi yoyera. Koma tsiku lina abusa ake anati nkhani ya munthu womezedwa ndi chinsomba ija ndi fanizo chabe. Ndinachita mantha, ndinathawira kumpingo wina wopempherera muholo.

Kumeneko abusa anajambula mzere pabolodi. Mbali ino mipingo yokhulupirira kuti m'Baibulo mulibe cholakwa ngakhale chilembo chimodzi, mbali inayo yosankha mavesi ngati tomato pamsika. Mpingo wanu unagwera kwa a tomato. Ine wolekezera Sitandade 6, ndikanatsutsa chiyani? Ndinaimbira amayi Esinati n'kuwauza kuti amapemphera kumpingo wakufa. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwangamu, Amayi.

Kenako abusa a muholo aja anatiwerengera vesi la machiritso. Anati ngati vesi silinama, mankhwala ndi kukayika. Kopopera m'kamwa ka Tadala ndinakataya m'bini ndi dzanja langali. Patatha milungu iwiri milomo yake inada tili m'basi. Mzungu wina ndiye anaitana ambulansi, ine ndikungofuula vesi.

Pano akupuma bwino. Ndikamuyang'ana ndimakumbukira malungo anga aja ku Ntcheu. Munapemphera, mutati ameni n'kuphwanya kwinini pasupuni. Munkati Mulungu amapatsa khasu, salimira munthu. Kaya munali mbali iti ya mzere uja, koma ine ndinachira.

Amayi Esinati okha ndi amene angandiyankhulire Chingerezi kwa a boma aja, n'kuwauza kuti sindine mayi woipa. Ndaimba kanayi, akangoyankha ndikudula. Manyazi.

Ndikulonjeza, ndikamaliza kalatayi ndiimbanso ndipo sindidula. Koma inu ndinu akulu awo, ankakumverani. Tsogolani mukawafewetse mtima. Auzeni akwere sitima lero lomwe, asadikire Lachinayi. Abwere, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya